Mzimu Sufuna Nsapato

M'mudzi wina wa kufupi ndi Katete muli nkhalamba imene kale inali kalaliki pa bwalo la mfumu. Munthuyo anagwira colembera zaka zambiri, nalemba milandu ya ng'ombe, ya minda, ya maukwati ndi ya ndeu. Koma pofika caka ca 2024, ali ndi zaka 84, maso ace anali atacita ng'ala, kotero kuti zilembo zinaoneka kwa iye ngati nyerere zoyenda pakhoma. Kuleka kulima sikunamdetse nkhawa, pakuti khasu anali atasiyira kale ana. Cimene cinamwawa ndico kukhala pakhonde kuyambira m'mawa kufikira madzulo wopanda kanthu koti nzeru zace zitafune.

Pabanja lomwelo panali mdzukulu wace, wobadwa kwa mwana wace wamkazi, namwali wa zaka 19 amene anatsiriza Giredi 12 caka cathaco. Mayeso anakhoza bwino, koma ndalama zopitira patsogolo panalibe. Onse amene anatsiriza sukulu nabwerera kumudzi adziwa okha kulemera kwa masiku otere. Mwezi woyamba munthu apumula. Pofika wacitatu aona kuti mau a Cingerezi amene anali kuwadziwa bwino ayamba kuthawa limodzilimodzi, monga nkhuku zituluka m'khola losatseka. Ndipo anansi amene anali kumuyamika aleka kufunsa za mayeso nayamba kufunsa za ukwati.

Caka cimeneco mvula inadula pakati pa dzinja, cimanga citangoyamba kumasula, ndipo pa 29 February Mtsogoleri wa dziko, Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Nyengo yokolola itafika, nchito inatha m'masiku owerengeka. M'masiku amenewo mphunzitsi wina wa pasukulu ya pafupi anasamutsidwa, ndipo posafuna kulipira katundu wambiri pa galimoto, anasiyira namwaliyo katoni ya mabuku 9 a Cingerezi. Ena anali opanda zikuto, ena odyedwa ndi ciswe m'mphepete. Tsono awiri aja, wina wosowa maso ndi wina wosowa cocita, anapangana kuti tsiku ndi tsiku, dzuwa litapendeka, mdzukulu aziwerenga tsamba m'Cingerezi, nalifotokoza m'Cinyanja, ndipo agogo aziweruza. Amace a namwaliyo anali kukhala capatali pang'ono, alikusenda nsawawa zocepa zimene zinapulumuka, nadziyesa osamva.

Loyamba kutuluka m'katoni linali The Hound of the Baskervilles, limene Arthur Conan Doyle analemba, nilituluka ngati buku m'caka ca 1902. Ndi limodzi la mabuku aja ofufuza mlandu, m'mene munthu afa kuciyambi ndipo wowerenga alindira kufikira kumapeto kuti adziwe wakupha. Nkhani yace icitika ku Dartmoor, dziko la matope ndi nkhungu la ku England. Banja la Baskerville liri ndi mbiri yakuti cigalu ca kumizimu cisaka amuna a pfuko lao cifukwa ca coipa cimene kholo lao linacita kalekale. Sir Charles apezeka atafa usiku m'kanjira ka kuseri kwa nyumba yace, thupi liribe bala, koma capafupi pali mapazi a galu wamkulu. Wolowa m'malo mwace, Sir Henry, abwera kucokera ku Canada kudzalandira nyumba ndi cuma, ndipo wofufuza milandu wochuka uja, Sherlock Holmes, apemphedwa kuti amcinjirize.

Pakumva ciyambi ici nkhalamba inaseka kufikira kutsokomola, niti, "Kani Azungu naonso ali ndi afisi ao otumidwa usiku! Nanga bwanji ku sukulu ya mishoni sanatiuze?"

Koma kuseka kunatha pamene anafika pa nkhani ya nsapato. Sir Henry ali m'hotela ku London, nsapato yace imodzi yatsopano, imene anali asanabvalepo, inasowa. Pambuyo pace inasowa ina yakale, ndipo yatsopano ija inapezekanso. Namwaliyo anapitirira msanga pamenepo, poyesa kuti ndi kankhani kacabe kosonyeza ulesi wa anchito a m'hotela. Agogo anakweza ndodo yao.

"Bwereza pamenepo, mai. Yatsopano yabwezedwa, ndipo yakale ndiyo yapita?"

"Inde, Agogo."

"Basi, galuyo ngwa mnofu ndi mwazi, ndipo ali ndi mbuye wace amene amdyetsa. Ine ndinasaka ndi agalu ndiri mnyamata. Nsapato yatsopano iribe pfungo la mwini wace, cifukwa cace wakubayo anaibweza. Mzimu sufuna nsapato, pakuti udziwa kale kumene munthu agona. Tsono werenga ndithu, koma ucenjere ndi cinthu cimodzi: akafa Sir Henry, cuma cidzagwera yani?"

Ndipo zinaterodi. Mnansi wina wofatsa, dzina lace Stapleton, amene anali kuyendayenda ndi kaukonde kogwirira agulugufe, anapezeka kuti ndi mwana wa mng'ono wace wa Sir Charles, wobisa dzina. Iye anasunga galu wamkulu pakati pa matope, namdzoza mankhwala owala mumdima kuti aoneke ngati cirombo ca moto. Nkhalamba inanyada masiku atatu, niuza ali yense wodutsa pakhonde kuti inatsogola Holmes ndi masamba 100. Mdzukulu sanatsutse, koma cimene cinatsala mumtima mwace cinali cina. Iye anakumbukira mkazi wa Stapleton, amene mwamuna wace anamkakamiza kudziyesa mlongo wace, namcita nyambo yokopera Sir Henry, ndipo potsiriza anamkwapula nammangirira pa mzati. Agogo anali asanamuone nkomwe mkaziyo, ngakhale anali m'buku lomwelo. Kalaliki anali kufuna wopalamula, namwali anali kuyang'ana wozunzika, ndipo pa masamba amodzimodziwo ali yense anapeza wace.

Laciwiri linali la Agatha Christie, The Murder of Roger Ackroyd, la caka ca 1926. Apa wofufuza ndi Hercule Poirot, wapolisi wa ku Belgium wopuma pa nchito, amene wakakhala m'kamudzi kena ka ku England nalima mtundu wina wa maungu. Nkhalamba inamkonda pomwepo, nimucha mnzace wa penshoni. Wosimba nkhani yonse ndi Dr Sheppard, dokotala wa m'mudzimo, amene atsagana ndi Poirot kulikonse nalemba zonse zocitika. Agogo, atakhuta ulemerero wa nsapato ija, anayamba kuloza cala molimba mtima. Lolemba analoza wanchito wamkulu wa m'nyumba, Lacitatu mwana wopeza wa womwalirayo, Lacisanu mlembi. Pamene masamba otsiriza anaulula kuti wakupha ndi dokotala yemweyo, wosimba nkhani, nkhalamba inamenya ndodo pansi niti buku limeneli ndi labodza, ndipo mai amene analilemba anayenera kulipitsidwa mbuzi.

M'mawa mwace inalamula kuti abwerere ku mutu wa usiku wa imfa, nawerenge pang'onopang'ono monga awerengera umboni pabwalo. Atatero anapeza kuti dokotala sananame ngakhale pamodzi. Ananena nthawi imene kalata inafika m'cipinda ca Ackroyd, nanena nthawi imene iye anatuluka. Koma za mphindi 10 za pakati pace sananene kanthu, ndipo wowerenga, pokhulupira munthu waulemu wogwira colembera, saganiza zofunsa. Apa ndipo pali luso lonse la bukuli, ndipo amene aliwerenga kaciwiri akondwera nalo koposa poyamba. Koma nkhalamba sinakondwere. Inakhala cete nthawi yaitali, nkhope italoza kumapiri amene sinathe kuwaona, ndipo potsiriza inati, "Wolemba ndiye mboni yoopsa koposa onse. Iye safunika kunama, angosiya." Madzulo amenewo inadya nthongo ziwiri zokha. Mdzukulu anayesa kuti agogo akwiya cifukwa ca kugonja, naseka mumtima.

Lacitatu la mtundu umenewu siliyenera mau ambiri, pakuti linalibe cikuto, ndipo atafika pamene wofufuza asonkhanitsa anthu onse m'cipinda cimodzi kuti achule wopalamula, anapeza kuti masamba otsiriza anathothoka. Agogo ndi mdzukulu anakangana sabata yathunthu, wina alikuti ndi mkazi wamasiye, wina alikuti ndi mlamu. Amai ndiwo anatha mlanduwo, ponena kuti wopalamula weniweni ndi amene anapicirira fodya m'masambawo.

Tsono inafika nthawi ya mabuku a cikondi. M'katoni munali timabuku titatu tating'ono ta Mills & Boon, kampani imene inayamba ku London m'caka ca 1908. Namwaliyo anawerenga mutu umodzi wokha mokweza: mtsikana wosauka apeza nchito kwa mwamuna wolemera ndi wamwano, amuda, koma mtima wace ugunda pomuona. Nkhalamba inafunsa kuti, "Kodi mtsikanayu anagwa kumwamba? Alibe amace, alibe amalume? Nanga akadzayambana, ankhoswe adzacokera kuti?" Poona kuti m'buku lonse mulibe yankho, inati mdzukulu akawerenge yekha. Iye anatero, natsiriza tonse titatu usiku unai ndi kuunika kwa foni, ndipo itapita sabata sanathe kukumbukira kuti ndani anakwatira yani. Ena anyoza timabuku totere, koma kunyozako nkopitirira. Tiri ngati nzimbe: munthu atafuna, ameza madzi okoma, nalabvula zotsala, ndipo palibe amene ayembekeza kukhuta nazo. M'caka cimene nkhokwe iri yopanda kanthu, si cinthu cacabe kugona usiku umodzi uli wodziwa kuti nkhani imodzi yokha idzatha bwino.

Koma panali lina la cikondi limene linawagwira mwezi wathunthu, ndipo linafika pafupi ndi khomo lao koposa onse. Ndilo Pride and Prejudice la Jane Austen, la caka ca 1813. Cingerezi cace ncakale ndi cozungulira, kotero kuti masiku oyamba namwaliyo anali kutsegula dikishonale kawirikawiri, nafuna kulitaya. Cimene cinalipulumutsa ndi kudabwa kwa agogo. Bambo Bennet ali ndi ana akazi 5, wopanda wamwamuna. Ndipo monga mwa cipangano ca colowa ca banja lao, iye akadzafa nyumba ndi minda zidzapita kwa mbale wace wamwamuna wakutali, mbusa wina dzina lace Collins, ndipo mai ndi ana adzayenera kutuluka. Nkhalamba inapempha kuti afotokozenso, poyesa kuti mdzukulu wamasulira molakwa. Pakati pa Acewa munda utsata mbumba, ndipo mwamuna ndiye mlendo pamudzi. Iye mwini anali atakhala mkamwini m'mudzi wa malemu mkazi wace zaka zoposa 50. Cifukwa cace inati, "Ana akazi 5! Munthu ameneyo ali ndi mudzi wathunthu m'nyumba mwace, koma alira ngati cumba. Dziko lao nlobvuta."

Apa amai analeka kudziyesa osamva. M'bukumo Mai Bennet ndi munthu wosekedwa, wolongolola, wosaganiza kanthu kena koma kukwatitsa ana; ndipo mwamuna wace, wanzeru ndi wanthabwala, abisala m'cipinda ca mabuku namseka. Amai anati iwo saona coseketsa. Anati m'nyumba monsemo maiyo yekha ndiye alikuganiza kumene anawo adzagona bambo akadzafa, ndipo mwamuna woseka mkazi wace pamaso pa ana, osasunga ngakhale ndalama pang'ono, ndiye citsiru ceniceni. Owerenga ambiri ophunzira afika pa ganizo limeneli atawerenga bukulo kawiri kapena katatu. Mai wosenda nsawawa anafikapo pa mutu wacisanu. Za Wickham, msilikari wokongola nkhope amene anathawitsa Lydia, mwana wotsiriza, onse atatu anabvomerezana kuti ndi cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo pamene Bambo Gardiner, mlongo wace wa Mai Bennet, anaimirira kulondola wothawayo ndi kukonza ukwati, nkhalamba inaomba m'manja niti, "Ameneyo ndiye! Ndinali kudabwa kuti mwini mbumba ali kuti." Inakhumudwa pang'ono pomva pambuyo pace kuti ndalama zinacokera kwa Darcy, koma inati mkamwini wofuna kulowa m'banja ayenera kuonetsa mphamvu zace, ndipo palibe colakwa.

Cifukwa cace bukuli linafika pafupi ndi ici. Pa malo a malonda a m'mbali mwa mseu waukulu wa ku Chipata panali munthu wina wa cigayo ndi sitolo, wa zaka ngati 40, amene mkazi wace anamwalira namsiyira ana atatu. Munthuyo anali atatumiza mau ofunsira namwaliyo. Sanali woipa, sanali woledzera, ndipo mwezi wa June anatumiza thumba la ufa popanda kunena kanthu. Amai anali atapendekera kale kumeneko. Tsono anafika pa mitu ija m'mene Collins afunsira Elizabeth Bennet, ndipo Elizabeth amkana ngakhale ukwatiwo ukadasunga nyumba ya banja lonse. Ndipo patapita masiku owerengeka bwenzi lace, Charlotte Lucas, wa zaka 27 ndi wopanda cuma, abvomera mwamuna yemweyo, osati cifukwa ca cikondi koma cifukwa ca denga. Tsiku limenelo mau a wowerenga anali kunjenjemera, ndipo atatseka buku anafunsa osayang'ana amace.

"Agogo, kodi Charlotte analakwa?"

"Sanalakwe. Anawerenga zaka zace, nawerenga ndalama za atate wace, napeza yankho. Ndipo usamtame kwambiri Elizabeth, mai, pakuti anakana ali wokhuta. Kukana kwa wokhuta nkopepuka."

"Nanga wanjala akane bwanji?"

Nkhalamba inasisita mutu wa ndodo yace nthawi yaitali. "Wanjala asafulumire kuyankha. Cilala ncacaka cimodzi, koma ukwati suli wa caka cimodzi. Komatu ine pano ndine mkamwini cabe. Mwini mbumba ali ku Kitwe. Uwaimbire foni amalume ako, uwauze zonse, ndi za thumba la ufa lomwe."

Amai ananyamuka ndi licero lao, nati mabuku saphika nsima, ndipo Darcy wa ndalama zambiri uja sadzafika ku Katete. Mau amenewa analibe wowatsutsa, pakuti anali oona. Jane Austen anamkomera mtima Elizabeth pomsungira mwamuna wolemera kumapeto. Charlotte anamsiya m'nyumba ya mbusa, alikusamala nkhuku zace, nalimbikitsa mwamuna wace kukhalitsa m'munda kuti apumeko mau ace. Wowerenga wacilungamo adziwa kuti a Charlotte ndiwo ambiri pa dziko. Komabe madzulo amenewo foni inaimbidwa.

Buku lotsiriza namwaliyo analisunga pansi pa katoni mwadala, cifukwa silinali nthano koma mbiri yoona, ndipo iye anayesa kuti lidzakhala louma ngati mabuku a mayeso. Linali The Boy Who Harnessed the Wind, limene William Kamkwamba analemba pamodzi ndi Bryan Mealer, nilituluka m'caka ca 2009. Atangoyamba anazindikira kuti pano sipafunika kumasulira kwambiri. Kamkwamba ngwa ku Wimbe m'boma la Kasungu, tsidya lija la malire m'Malawi, ndipo anthu a m'bukumo adya nsima, alima cimanga ndi fodya, nalankhula cinenero comweci. Koma kuwerenga kwace kunali kowawa. Bukulo lisimba njala ya 2001 ndi 2002: m'mene banja linayamba kudya kamodzi pa tsiku, m'mene gaga wodyetsa nkhumba anasanduka cakudya cogula ndi ndalama, ndi m'mene mnyamatayo anatengera galu wace Khamba kuthengo, ataonda kufikira mafupa, nammangirira ku mtengo namsiya. Njala imeneyo inafikanso kuno kum'mawa kwa Zambia, ndipo amai anaikumbukira bwino, pakuti anali ndi mwana kumsana caka cimeneco. Kawiri konse anati, "Leka, mwanawe, zakwana"; ndipo kawiri konse, patapita kanthawi, anati, "Nanga pambuyo pace zinatani?"

Cimene cinagwira namwaliyo ndi cakuti Kamkwamba anacotsedwa pa sukulu ya sekondale cifukwa ca kusowa fizi, ndipo poopa kutsalira anzace anayamba kupita ku kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulaimale. Kumeneko anapeza buku la Using Energy, lokhala ndi cithunzi ca makina oyendera mphepo pacikuto pace. Cingerezi cace cinali cocepa, motero anatsata zithunzi nafunsa mau obvuta. Ndipo ndi mitengo ya bulugamu, cimango ca njinga ya atate wace, cokupizira ca thirakitala, mipope ya pulasitiki ndi dainamo, anamanga nsanja imene inayatsa nyale m'nyumba mwao, anthu amene anali kumucha wamisala alikupenya. Komabe namwaliyo sanameze zonse osatafuna. Anati gawo lotsiriza, m'mene mufika olemba nyuzipepa, ndi alendo, ndi maulendo a pa ndege, silinamkondweretse monga loyamba, cifukwa mwai wotere ugwera mmodzi. "Iye anapezedwa, Agogo. Nanga amene sapezedwa?" Nkhalamba inabvomera kuti funsolo nlolemera, ndipo inalibe yankho lokwanira, inangoti obwerawo anampeza ali pamwamba pa nsanja, osati ali gone pamphasa.

Koma m'bukumo muli ndime ina imene mdzukulu anaiwerenga mosalabadira. Caka cina mvula itabvutanso, anthu ena a m'mudzi anayamba kunena kuti nsanja ija ndi ya ufiti, ndipo ndiyo ipitikitsa mitambo. Atamva zimenezi agogo anati buku litsekedwe, napempha kuti mwana wao asendere pafupi, pakuti ali ndi mau amene sananenepo kwa munthu ali yense, ngakhale kwa malemu mkazi wao.

M'caka ca 1963, dziko lisanalandire ufulu, iye ali ndi zaka 23 ndipo atangoyamba nchito, ana atatu a m'mudzi wina anafa mwezi umodzi ndi nthenda ya kutsegula m'mimba. Anthu analoza cala mkazi wina wamasiye, wopanda mlongo pafupi womuimira, amene anali ndi dimba labwino m'mbali mwa mtsinje. Lamulo la Boma silinalole kuchula munthu mfiti, cifukwa cace mlandu unafika pabwalo utabvala cobvala cina, ngati mlandu wa kutukwana ndi kuopseza anansi. Kalaliki analemba mau onse a mboni mokhulupirika, osaonjeza kapena kusintha. Koma panali zinthu ziwiri zimene iye anazidziwa, pakuti anali ndi abale m'mudzimo. Coyamba, ana atatu onsewo anali kumwa pa citsime cimodzi cosazama ca kunsi kwa khola la ng'ombe. Caciwiri, mboni yofuula koposa onse inali itapempha dimba lija kawiri nikanizidwa. Palibe anamfunsa, ndipo iye anadziuza kuti nchito ya kalaliki ndi kulemba, osati kulankhula. Anali mwana pakati pa akulu, ndipo malipiro anali okoma. Mkaziyo analipitsidwa, ndipo posakhoza kupirira maso a anthu anasamuka ndi ana ace akazi awiri kunka ku dziko la mfumu ina. Cisanathe caka, mboni ija inali kubzala mpiru m'dimbamo.

"Sindinaname ngakhale liu limodzi," inatero nkhalamba. "Buku la bwalo likadapezeka lero, simukadapezamo colakwa. Ndinangosiya mphindi zanga 10, monga dokotala uja. Nsapato ya Mzungu ndinaizindikira msanga, ndiri pakhonde, patapita zaka 61. Koma tsiku lija nsapato inali m'manja mwanga, ndipo ndinaikhalira."

Amai anafuna kutonthoza atate wao, nati ndi zakale, ndipo onse a mlanduwo anapita. Koma iye anati mlandu suola, ndipo anamva kwa mkulu wina wa mpingo kuti adzukulu a mkazi uja alipo, m'mudzi wa kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo kufikira lero ena awacha a kwa mfiti.

Yankho la ku Kitwe linafika sabata yomweyo: amalume anati kanthu kasacitike kufikira iwo atabwera pa Krisimasi, ndipo namwaliyo atumize mapepala ace a mayeso kuti aone ngati pali khomo lina. Wacigayo anauzidwa mwaulemu, nati adzalindira. Amai anabvomera ndi milomo, koma masiku awiri sanalankhule ndi atate wao. Pakutha pa mwezi namwaliyo anakwera minibasi kunka ku Chipata ndi mabuku 7, kukasinthana ndi munthu wogulitsa mabuku akale pafupi ndi msika, amene apereka limodzi polandira awiri. La Austen ndi la Kamkwamba anawasunga. Agogo anamlangiza kuti abwere ndi lina la Poirot, koma ayambe wayang'ana ngati masamba otsiriza alipo, ndiponso agule envelopu ndi mapepala a mizere.

Atabwera, dzuwa litapendeka, anakhala pamalo pao pa masiku onse. Namwaliyo anatulutsa buku latsopano, koma nkhalamba inati limenelo liyambe lalindira. Tsono iye anatsamiza pepala pa cikuto ca dikishonale, nalemba dzina la mudzi ndi tsiku pamwamba, monga anaphunzira kusukulu.

"Ndilembe kuti ciani, Agogo?"

Nkhalamba inakonza pakhosi, niongola msana monga inali kucitira kale mfumu ikalowa m'bwalo.

"Lemba moni poyamba. Ukatha, ulembe kuti: Ine ndinali kalaliki pa mlandu wa agogo anu. Ndipo usafulumire, pakuti ndifuna kuyambira pa citsime."